Phunziro: Njinga za Onse, Adzazisamala Ndani?

Mlendo wofika lero mu mzinda wa Paris, London kapena New York aona m'mbali mwa misewu njinga zambiri zofanana maonekedwe, zitandanda pa mzere, iliyonse itakoledwa ku kachitsulo kake. Munthu afika, aonetsa khadi lake kapena lamya yake ya m'manja, njinga imodzi nimasuka, iye nakwera. Atapalasa mphindi 15 kapena 20 aisiya pa malo ena otere pafupi ndi kumene ali kunka, ndipo posakhalitsa munthu wina wosamdziwa konse aitenga njinga yomweyo. Makonzedwe amenewa afala m'mizinda mazanamazana pa dziko lapansi, koma sadafike pamene alipa tsiku limodzi ai. Mbiri yake ndi ya zaka 60, ndipo muli kugwa kochuluka ndi kudzuka. Funso limene lidasautsa oyambitsa onse ndi lakale lomwe lija: chinthu chimene aliyense aloledwa kuchigwira, adzachisamala ndani?

1. Ulendo waufupi

Maulendo ambiri a mu mzinda ndi aafupi: kuchokera pa siteshoni ya sitima kunka ku ntchito, kuchokera kunyumba kunka ku msika kapena ku chipatala. Mtunda wa makilomita 2 kapena 3 umtalikira munthu woyenda pansi, koma woyenda pa galimoto ataya nthawi yake pa mdipiti wa magalimoto anzake, natayanso ina pofunafuna poimika. Basi ndi sitima zili ndi njira zake zosasinthika, sizifika pakhomo pa munthu. Chimene chiyenera mtunda wotere ndi njinga, pakuti sifuna mafuta, situlutsa utsi, ndipo malo oimikapo galimoto imodzi akwana njinga zingapo.

Komabe njinga ya mwini ili ndi zovuta zake. Wokhala m'chipinda cha pamwamba pa nyumba yosanjikiza alibe poisunga. Wobwera pa sitima kuchokera kutali sangathe kuinyamula. Woisiya pa msewu akhala ndi mantha a mbala. Ndiponso njinga ya munthu mmodzi igwira ntchito mwina ola limodzi pa tsiku, nikhala chiimire maola onse otsala. Apa mpamene padachokera nzeru yakuti njinga imodzi itumikire anthu ambiri motsatana.

Awerengi a ku Malawi adziwa bwino njinga za kabaza, koma zimenezo nzosiyana ndi izi. Pa kabaza munthu alipira mnzake kuti amnyamule, ndipo njinga sichoka m'manja mwa mwini wake. Pa njinga za onse wobwereka apalasa yekha, mwini wake ali kutali, osaona kanthu. Nkhani yonse yagona pa kusiyana kumeneku.

2. Njinga zoyera za ku Amsterdam

Mwezi wa July 1965 kagulu ka achinyamata a ku Amsterdam, kotchedwa Provo, kadakwiya ndi magalimoto amene adali kudzaza misewu yopapatiza ya mzindawo ndi kuononga mpweya. Mmodzi wa iwo, Luud Schimmelpennink, adalingalira kuti njinga zipakidwe utoto woyera ndi kusiyidwa pa msewu zosakhoma, kuti aliyense wofuna atenge, apalase, nasiyire wina. Padalibe malipiro, padalibe chikole, padalibe wolemba maina. Njinga zimene adaziika zidali zowerengeka, ndipo sizidakhalitse: apolisi adazilanda, ati njinga yosakhoma iitana mbala. Pambuyo pake Schimmelpennink adalowa m'khonsolo ya mzinda napempha kuti mzinda ugule njinga zikwi zambiri za mtundu umenewu, koma anzake a m'khonsolo adakana.

Nzeruyo sidafere pomwepo. M'zaka za m'ma 1970 mzinda wa La Rochelle ku France, pamene mfumu ya mzinda idali Michel Crépeau, udaika njinga zachikasu zobwereketsa kwa anthu. Mu 1993 mzinda wa Cambridge ku England udayesa njira ya ku Amsterdam ija ndi njinga zobiriwira pafupifupi 300, koma posapita nthawi zambiri zidabedwa, ntchito nkuthera pomwepo.

Pali malo amodzi kumene njinga zoyera zaulere zidakhazikika, ndipo malowo aphunzitsa kanthu. Ku nkhalango yotetezedwa ya De Hoge Veluwe, m'dziko lomwelo la Netherlands, kuli njinga zoyera zoposa 1,000 zimene mlendo aliyense atenga popanda kulipira padera ndi popanda loko. Kumeneko zitheka chifukwa nkhalangoyo ili ndi mpanda ndi zipata zake, ndipo njinga siloledwa kutuluka. Mzinda ulibe mpanda wotere.

3. Chikole chopanda dzina

Anthu a ku Copenhagen, likulu la Denmark, adaona zolakwa za anzao nayesa kuzikonza. Mu 1995 adayamba ntchito yotchedwa Bycyklen, ndi njinga pafupifupi 1,000. Njinga zao adazipanga mwadala kuti zisakomere mbala: zolemera, za matayala osapopa, ndi zipangizo zosalowa pa njinga wamba, kotero kuti wogulula chishalo kapena gudumu analibe kokagulitsa. Iliyonse idali yomangika ndi tcheni pa malo ake, ndipo pofuna kuimasula munthu ankaponyamo ndalama yachitsulo ya makrone 20. Akaibweza pa malo ena otere, ndalama yake inkatuluka. Padalinso malire: njinga sidaloledwe kutuluka m'kati mwa mzinda.

Njira imeneyi idapambana yoyamba ija, ndipo idagwira ntchito kufikira 1995 itapitirira ndi zaka 17, ndiye kuti mpaka 2012. Koma idali ndi chilema chimodzi chachikulu: ndalama yachitsulo ilibe dzina. Palibe ankadziwa kuti watenga njinga ndani, ndipo padalibe chomkakamiza kuibweza msanga. Makrone 20 adali ochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa njinga, motero anthu ena osaongoka mtima adayesa chikole chija ngati mtengo wogulira, nakasunga njinga ya onse kuseri kwa nyumba zao.

4. Wobwereka adziwika

Chimene chidasintha zinthu ndi khadi lowerengedwa ndi makina. Mu 1996 sukulu ya ukachenjede ya ku Portsmouth ku England idayesa kubwereketsa njinga kwa ophunzira ake pa khadi lotere. Mu 1998 mzinda wa Rennes ku France udachita chimodzimodzi kwa anthu a mu mzinda, ndipo mu 2005 mzinda wa Lyon udakulitsa ntchitoyi ndi njinga zake zotchedwa Vélo'v. Koma mzinda umene udatsegula maso a dziko lonse ndi Paris.

Pa 15 July 2007, pamene mfumu ya mzinda idali Bertrand Delanoë, Paris idatsegula Vélib', dzina lolumikiza mau awiri achifalansa, lina lotanthauza njinga, lina ufulu. Poyamba padali masiteshoni pafupifupi 750, ndipo posakhalitsa njinga zidafika pafupi 20,000. Mayendetsedwe ake ayenera kumveka bwino, pakuti mizinda yambiri idatsanzira pomwepa.

Choyamba, masiteshoni adawamanga moyandikana, pafupifupi mamita 300 kuchokera pa ina kufika pa inzake, kuti munthu asayende pansi nthawi yaitali pokatenga kapena pokasiya njinga. Mizinda imene idaika masiteshoni ochepa motalikana idapeza kuti anthu sazifuna njingazo.

Chachiwiri, wobwereka adayenera kulembetsa ndi khadi lake la ku banki, navomera kuti akapanda kubweza njinga adzamdula chikole cha mayuro 150. Kompyuta inkalemba nambala ya njinga, mwini khadi, malo ndi mphindi imene waitenga ndi imene waibweza. Tsono chikole chidakhala ndi dzina.

Chachitatu, ndipo apa mpamene pali luso lenileni, ndi kaikidwe ka mtengo. Munthu atalipira kandalama kolembetsera ka tsiku, ka sabata kapena ka chaka, mphindi 30 zoyamba za ulendo uliwonse zidali zaulere. Theka la ola lotsatira lidali yuro 1, linalo mayuro 2, ndipo kuyambira pamenepo theka la ola lililonse mayuro 4. Kwa wamalonda wamba zimenezi nzodabwitsa, pakuti iye atsitsira mtengo munthu wogula zambiri. Koma cholinga cha mzinda chidali chakuti njinga ibwerere msanga kuti wina aipeze. Wosunga njinga tsiku lonse wamana anthu 5 kapena 10 amene akadayenda nayo, chifukwa chake mtengo udayenera kumuluma.

Nanga ndalama zogulira njinga ndi kumangira masiteshoni zidachokera kuti? Kampani ya JCDecaux idasenza mtolowo, ndipo m'malo mwake mzinda udailola kuika zithunzi za malonda pa zikwangwani zoposa 1,600 za m'misewu. Kwina njira idali ina: ku London, kumene ntchitoyi idayamba pa 30 July 2010, banki ya Barclays idalipira kuti dzina lake lilembedwe pa njinga, ndipo mu 2015 banki ya Santander idalowa m'malo mwake. Ku New York, mu 2013, njinga zidatchedwa Citi Bike chifukwa cha banki inanso. Mizinda ya Hangzhou ku China mu 2008, Montreal mu 2009 ndi Mexico City mu 2010 idayambanso zake. Pafupi ponseponse malipiro a okwera paokha sakwanira kuyendetsa ntchito yonse. Pafunika thumba lina, la mzinda kapena la amalonda.

5. Antchito amene okwera sawaona

Walira mvula walira matope. Ngakhale wobwereka adali wodziwika, njinga zikwi zingapo za ku Paris zidabedwa kapena kuonongedwa m'zaka zoyamba, zina zitazulidwa ndi mphamvu pa siteshoni usiku, zina zitaponyedwa mu mtsinje wa Seine. Ndipo ngakhale popanda woipa mtima, njinga yokweredwa ndi anthu ambiri tsiku lililonse itha msanga mabuleki, tcheni ndi matayala. Nchifukwa chake adazipanga zolimba ndi zolemera, makilogalamu 22 iliyonse, nalemba amisiri ambiri ozikonza. Ku Paris padali ngakhale bwato loyenda pa Seine limene m'kati mwake mudali mokonzera njinga.

Vuto lina silichokera kwa mbala koma ku chikhalidwe cha anthu onse. M'mamawa khamu lonse lilowera kumodzi, kuchokera kumene anthu agona kunka kumene agwira ntchito. Motero masiteshoni a uko atsala opanda njinga, a kuno nadzaza kotero kuti wofika mochedwa asowa pokola yake, nayamba kuzungulira uku mphindi zake zaulere zili kutha. Madzulo zibwerera mwina. Pa zitunda mpoposa: anthu a pa phiri la Montmartre ankakonda kutsetsereka pa njinga, koma pobwerera ankakwera basi kapena sitima, ndipo njinga zonse zinkaunjikana kunsi ngati madzi a mvula. Chifukwa chake malole ayenda usana ndi usiku kutola njinga kumene zachuluka ndi kukazitula kumene zasowa, ndipo ntchito imeneyi idya gawo lalikulu la ndalama.

Oyendetsa adapezanso njira yopempha okwera omwe kuti athandize. Mu 2008 Paris idayamba kupatsa mphindi 15 zaulere kwa aliyense wokasiya njinga pa siteshoni ya pamtunda. Ku New York okwera amene atenga njinga pa siteshoni yodzaza nakaisiya pa yopanda kanthu alandira mphotho, ndipo awatcha Bike Angels. Kuyambira 2018, pamene kampani ya Smovengo idatenga ntchito ya Vélib', njinga zina zidakhala zamagetsi, zimene zipeputsa chitunda; komabe kusinthana kwa makampaniko kudavuta, ndipo kwa miyezi yambiri masiteshoni ochuluka adali osatha kumangidwa.

6. Manda a njinga

Kumanga masiteshoni kufuna ndalama zambiri ndi chilolezo cha mzinda. Amalonda a ku China adaganiza zochotsa siteshoni ndi kuika loko pa njinga penipeni. Kampani ya Ofo, imene idayambira pakati pa ophunzira a Peking University ndi njinga zake zachikasu, ndi ya Mobike, imene idayamba ku Shanghai mu 2016, zidachita motere: munthu aloza lamya yake pa kachizindikiro kali pa njinga, loko atseguka, ndipo pomaliza ulendo aisiya paliponse pamene wafuna.

Anthu adakondwera nazo kwambiri, ndipo eni chuma adathiramo ndalama zosaneneka. Makampani makumimakumi adayamba kupikisana, iliyonse kufuna kuti mtundu wa njinga zake ndiwo udzaze msewu. Njinga mamiliyoni zidatulidwa m'mizinda popanda wofunsa ngati zili kufunika. Zidatseka njira za oyenda pansi ndi makomo a masiteshoni a sitima. Akhungu ndi oyenda pa njinga za opuwala adasowa podzera. Mu 2017 mizinda ya Shanghai ndi Beijing idaletsa kuonjeza zina, ndipo akuluakulu a mizinda adayamba kutola zotayika ndi kuziunjika pa mabwalo. Zithunzi za milu imeneyo, yaitali kuposa nyumba, zidafala dziko lonse, anthu naitcha manda a njinga. Zambiri mwa izo zidali zisanathe nkomwe.

Mapeto ake adali owawa kwa anthu wamba. Okwera a Ofo adali atapereka chikole cha mayuan 99 kapena 199 aliyense, ndipo mu December 2018, kampani itasowa ndalama, anthu oposa 10 miliyoni adalembetsa pa mzere wofuna kubwezeredwa chikole chao. Chaka chomwecho Mobike idagulidwa ndi kampani ya Meituan, ndiponso idachoka mu mzinda wa Manchester ku England, kumene idafika mu 2017, niti kuba ndi kuononga kwanyanya. Ku Amsterdam kudasowa wobwereka wodziwika. Ku China wobwereka adali wodziwika ndithu, koma wobwereketsa ndiye adalibe womuyang'anira. Kuchokera pamenepo mizinda yambiri idaika malamulo: kampani iyambe yalandira chilolezo, chiwerengero cha njinga chikhale ndi malire, ndipo njinga isiyidwe pa malo olembedwa okha.

7. Chimene mbiriyi iphunzitsa

Zimene mizinda idaphunzira ndi ndalama zambiri, anzeru akale adali atazinena kale. Aristotle, Mgriki amene adamwalira chaka cha 322 Kristu asanabadwe, adaona kuti chinthu chikakhala cha anthu ochuluka chisamalidwa pang'ono, pakuti yense ayesa kuti mnzake ndiye adzachiyang'anira. Thomas Aquinas, amene adamwalira mu 1274, adavomereza zimenezo koma adasiyanitsa zinthu ziwiri, kusunga ndi kugwiritsa ntchito. Pa kusunga, nkwabwino kuti chinthu chikhale m'manja mwa munthu wodziwika amene adzayankhapo; koma pa kugwiritsa ntchito, mwini asachiyese chake yekha, akhale wokonzeka kugawana ndi osowa. Njinga za onse zimene zakhalitsa zaima pa miyendo iwiri yomweyi: zili ndi msungi mmodzi wodziwika, ndipo okwera ake ndi mzinda wonse.

Masiku ano mai wina wophunzira za chuma, Elinor Ostrom wa ku America, amene adalandira mphotho ya Nobel mu 2009, adafufuza midzi ya ku Switzerland, Japan, Spain ndi Philippines imene yasunga msipu, nkhalango ndi ngalande zothirira kwa zaka mazana. Adapeza kuti chuma cha onse sichiyenera kuonongeka chifukwa chakuti ncha onse. Chikhala ngati malire ake adziwika, ngati ochigwiritsa ntchito ali ndi mau pa malamulo ake, ngati alipo oyang'anira, ndiponso ngati chilango chiyamba chaching'ono nichikula pamene wolakwa abwereza. Mudzi uliwonse umene uli ndi mjigo, komiti yake ndi kabuku ka zopereka za pamwezi udziwa zimenezi, ndipo udziwanso zimene zichitika anthu akayamba kunena kuti nza Boma izi.

Patsala chinthu chimodzi chofuna kuchenjera nacho. Khadi la ku banki ndi lamya yamakono zateteza njinga, komanso zasanduka chipata chotsekera kunja munthu wosauka, amene ndiye afuna kwambiri ulendo wotsika mtengo. Kawirikawiri masiteshoni ayamba kumangidwa kumene kukhala olemera ndi alendo odzaona malo. Mizinda ina yayesa kukonza zimenezi: ku Philadelphia, mu 2015, njinga za Indego zidalola munthu kulembetsa ndi ndalama za m'manja popanda khadi la ku banki. Funso limeneli nlolemera koposa mu Africa, kumene ntchito yotere idayambira ku Marrakech mu November 2016 ndi njinga pafupifupi 300, nidzafika ku Kigali mu 2021 ndi ku Cairo mu 2022. Chinthu chotchedwa cha onse chimene osauka sangachikhudze chasenza dzina losachiyenera.

Pomaliza, makina ndi malamulo ali ndi polekezera. Okwera a ku Paris adayamba okha mwambo umene palibe lamulo lidaulamula: munthu akapeza kuti njinga yaphwa tayala kapena yaduka tcheni, poibweza atembenuza chishalo kuti chiyang'ane kumbuyo. Wobwera pambuyo pake aona chizindikirocho nadumpha njingayo, ndipo mmisiri adziwa msanga yofuna kukonza. Wotembenuza chishalo salandirapo kanthu, ndipo munthu amene wamthandizayo sadzamuona nkomwe. Chikole chingathe kubweza njinga pa malo ake, koma kuti ifike kwa wotsatira ili bwino, pafunika anthu ozolowera kukumbukira mnzao wosamdziwa.

Mafunso okambirana

1. Chifukwa ninji njinga zoyera zidalephera mu mzinda wa Amsterdam koma zidakhazikika ku De Hoge Veluwe?

2. Kodi chikole cha ku Copenhagen chidasiyana bwanji ndi cha ku Paris?

3. Chifukwa ninji mtengo wa Vélib' unkakwera pamene munthu achedwa kubweza njinga? Kodi kutero nkulungama?

4. Pa manda a njinga a ku China, mlandu waukulu udali wa yani: okwera, makampani kapena akulu a mizinda?

5. Tchulani zinthu zitatu za onse za m'mudzi kapena m'dera lanu. Msungi wa chilichonse ndani, ndipo alipo kodi anthu amene atsekeredwa kunja?